Poto Amene Mbaula Inamukana

Panali bambo wina, telala, amene mkazi wake atamwalira anayamba kudziphikira yekha. Mwana wake wamkazi, namwino, anamugulira mbaula yamagetsi yamakono, yosalala ngati galasi, pamodzi ndi kasefuliya kakang'ono.

Tsiku lina kunamveka kuti apongozi a namwinoyo akubwera kudzacheza, anthu asanu ndi mmodzi. Mwanayo anawauza bambo ake kuti pokagula poto wamkulu atenge maginito, ndipo poto amene maginito sakumamatirapo amusiye. Telalayo anangoseka. Munthu wa imvi n'kumayenda ndi zidole mumsika?

Kumsika, wogulitsa anamuonetsa chipoto chonyezimira, chopepuka, chotsika mtengo, n'kuchigogoda.

"Mwamva kulirako, madala? Ameneyu adzaphikira ndi zidzukulu zanu zomwe."

Telala atatchula za maginito, wogulitsayo anati ndi bodza la eni masitolo odula. Telala anagula.

Tsiku lobwera alendo litakwana, anadulira nyama m'poto watsopanoyo, kuthira madzi, n'kutereka. Mbaula inangoti pii, pii, kenako zii. Ataikapo kasefuliya, madzi anawira pompo. Atabwezerapo poto, pii, pii. Mutu unaima. Poganiza kuti magetsi achepa mphamvu, anazimitsa firiji, wailesi ndi makina osokera, koma ayi ndithu. Anaitana mnansi wake wokonza zamagetsi, amene anamasula soketi, kuyeza mawaya onse, n'kuima akukanda mutu. Mkazi wa mnansiyo anati mwina mbaulayo ikufuna izolowerane kaye ndi poto. Atatuwo anadikira.

Alendo anafika. Namwino polowa kukhitchini anapeza mawaya ali lendelende, nyama ili m'madzi ozizira.

"Bambo, poto uyu ndi wa aluminiyamu. Mbaulayi imatenthetsa poto yekhayo amene maginito amamatirapo. Munamuyesa?"

"Koma mwanawe, chitsulo si chitsulo basi?"

Mawaya atabwezeretsedwa, anaphika m'kasefuliya katatu konse, alendo n'kumadya awiriawiri ngati odwala pa mzere wa kuchipatala. Omaliza anadya njala itawapitirira kale.

Potsanzikana, telala anamva apongozi aakazi akunong'oneza namwinoyo pakhomo kuti bambowa akula, asamakhalenso okha. Mwanayo sanatsutse.

Phunziro: Wogulitsa amadziwa katundu wake, koma khitchini yako saidziwa. Mwana akakuuza zimene iwe sukuzimvetsa, usaseke, funsa chifukwa chake. Tumizirani makolo ndi abale anu asanapite kumsika.