Galimoto Yoyetsemula

Mkamwini wake ndi amene anamulanda galaja, chaka chimene anagona m'chipatala ndi matenda a shuga. Potuluka anapeza dzina lake pakhoma atalipaka penti yoyera. Kuyambira pamenepo Sipanala, monga ankamutchulira anthu onse a mumsewu umenewo, anali wantchito pamalo amene anamanga ndi manja ake. Anangomusiyira benchi yapakona.

Tsiku limeneli m'galajamo munali galimoto yofiira, yotsika ngati ikukwawa. Mwini wake, bwana wina wogulitsa matayala, anaiikitsa mapaipi onyezimira ndi tabo yaikulu, chija chimakankhira mpweya wambiri mu injini kuti galimoto iziuluka.

"Bambo," anatero mkamwini m'mawa, osamuyang'ana kumaso, "eni ake abwera tisanatseke. Ikapanda kuchira lero, zonse zawonongeka."

Sipanala anamva zimene sizinanenedwe. Galimotoyi inali italephereka kale m'magalaja ena, mabawuti osiyanasiyana ndi mawaya omanga ndi tepi ankachitira umboni. Mkamwini ankangofuna poyambira, kuti madzulo akauze mkazi wake kuti bambo ako atha, manja ayamba kunjenjemera, azingokhala kunyumba. Ndipo benchi ija ikanapita.

Sipanala analiza injini. Inanjenjemera ngati munthu wa malungo, singano ya padashibodi ikukwera ndi kutsika yokha. Ataponda mafuta inabangula bwinobwino, koma atangochotsa phazi inati tsiii! ngati yayetsemula. Kumbuyo kunatuluka utsi wakuda, kenako zii.

Anamasula mapulagi. Onse anali akuda bii, mwaye wokhawokha, fungo la petulo lobaya m'mphuno. Mafuta akuchuluka, mpweya ukuchepa. Anawapukuta n'kuwabwezera. Chimodzimodzi. Anazula mainjekita, aja othira petulo mu injini, n'kuwayesa m'botolo, koma panalibe yodontha. Anatsuka sensa yoyeza mpweya wolowa. Chimodzimodzi. Anasungunula sopo m'madzi n'kupaka polumikizira mapaipi ponse, kuti thovu limuonetse pamene pabooka. Thovu silinatuluke.

Dzuwa linali litapendeka. Mkamwini ankangobwera n'kudzaima kumbuyo kwake, foni ili m'manja.

"Zikutheka, bambo?"

"Mukandiimirira pamsana ndiye zitheka msanga?"

"Ndimangofunsa."

"Funsani injiniyo. Mwina inuyo ikuyankhani, paja ndinu mabwana pano."

Mkamwini anachoka, n'kubwera ndi kapu ya tiyi, chinthu chimene anali asanachitepo. Sipanala sanaikhudze. Tiyi wotsanzikira ankamudziwa.

Bawuti inamupulumuka m'zala n'kugubuduzikira pansi pa galimoto. Anacheuka kuti aone ngati mkamwini waona. Anali ataona. Mawondo anamulira pogwada, thukuta likulowa m'maso. Foni ya mkamwini inalira, ndipo Sipanala anamva mawu awiri okha: "Mwanyamuka kale?"

Anakhala pabenchi n'kutsinzina. Mapulagi ayi, mainjekita ayi, mapaipi ayi. Chinatsala n'chiyani? Kuyetsemula kuja. Tsiku lonse ankakumva koma osakulabadira, chifukwa eni magalimoto otere amakukonda dala. Amaika valavu yotayira mpweya panja kuti anthu azicheuka akamadutsa. Koma mpweya umenewo sensa imakhala yauyeza kale, ndipo injini imakhala yathira kale petulo wolingana nawo. Mpweya ukathawira panja, petulo amatsala yekha n'kumiza mapulagi.

Anadzuka, naliza injini, nayandikizitsa kuseri kwa dzanja pakamwa pa valavuyo. Ngakhale asanaponde mafuta, kamphepo kankamukhudza pakhungu. Sinkatseka n'komwe.

Anthu otere sataya zimene achotsa. Anatsegula buti, nanyamula tayala lapadera, ndipo pansi pake, m'chisanza cha girisi, munali valavu imene galimotoyi inabadwa nayo. Paipi yake panalibe. Anafukula mulu wa zitsulo kuseri kwa galaja mpaka anapeza paipi ya lole yakale, naidula ndi mpeni, nailumikiza kuti mpweya uzibwerera kutsogolo kwa tabo m'malo mothawira panja. Zala zinkakana, koma anamanga zonse. Pageti panaima galimoto, chitseko chinamenyedwa.

Sipanala anapotokola kiyi. Injini inadzuka n'kukhazikika, singano ili chilili. Anaponda mafuta mpaka malata a denga ananjenjemera, kenako anachotsa phazi. Inatsika pang'onopang'ono ngati mwana akugona. Utsi panalibe.

Anatuluka akupukuta manja, maso ali pa mkamwini. Lero walemba m'madzi, anatero mumtima. Ukamuuze chiyani mwana wanga?

Mkamwini analowa m'galimotomo, nazungulira nayo msewu wonse, nabwera mano onse ali pamtunda. Bwana wa matayala sanaiyang'ane n'komwe. Anali akugogoda khoma ndi chala, maso ali kudenga.

"Ndiye mwakhutira?" anafunsa. "Paja munati muilandira pokhapokha itachira."

"Yachira," anatero mkamwini.

"Basi, tasinthana. Galimoto ndi yanu, malo ano ndi anga. Mawa matayala anga akulowa muno. Madalawa muwauze nokha."

Mkamwini sanamuuze kanthu Sipanala. Anatuluka ndi galimoto yofiira ija pageti, injini ikulira mosalala, ndipo galaja ya Sipanala inapita tsiku limenelo.