Bambo Amene Anatsuka Galimoto M'chipululu

Panali munthu wina, Mmalawi mnzathu, dzina lake Chiukepo, amene ankagwira ntchito ku bungwe lina ku Nairobi n'kumakhala ku Ruaka. Amene anandiuza nkhaniyi amapemphera naye tchalitchi chimodzi, ndipo akuti ndi yoona. Munthuyu analibe vuto ndi aliyense, kungoti atagula galimoto yaikulu yoyera anaikonda mopitirira muyeso. Ntchentche ikatera pagalasi ankachita kuithamangitsa mpaka kugeti.

Sukulu zitatsekera anauza mkazi wake Lenah ndi ana awo awiri, Mtisunge wazaka khumi ndi Fumbani wazaka zisanu, kuti apita kumpoto kukaona njovu ku paki ya Marsabit, kenako adutsa chipululu cha Chalbi mpaka ku paki ya Sibiloi. Ana anavina pabalaza mpaka a nyumba yapansi anagogoda.

Mlonda wa pageti, mdala Galgalo, kwawo kunali komweko. Ataona akulongedza katundu anabwera pafupi.

"Bwana, kwathu kulibe shopu, kulibe mpopi. Madzi amene mwanyamula ndi akumwa basi. Ngakhale kusamba m'manja muziyamba mwaganiza kawiri."

"Sawa, mzee," anavomera Chiukepo m'Chiswahili, maso ali pafoni.

Amene anamva ndi Lenah. Anadzaza zigubu ziwiri zazikulu n'kuziika kumbuyo.

Masiku awiri oyamba anali okoma. Ankaimba nyimbo za kwaya msewu wonse, njovu anaziona, ndipo Fumbani ataona ngamila koyamba anafuula kuti, "Amami, onani ng'ombe yothyoka msana!"

Tsiku lachitatu phula linatha. Pofika m'mphepete mwa chipululu galimoto inali itafiira ngati chulu. Chiukepo anaima. Ankafuna chithunzi choti atumize pa gulu la abale ake a ku Rumphi.

"Ndikaijambula chonchi aziti ndinagula chiphapha," anadziuza yekha.

Lenah atapita ndi ana kuseri kwa miyala kukadzithandiza, bambo anatulutsa sopo ndi kansalu. Chigubu choyamba chinatha. Chachiwiri chinatsala pansi penipeni. Galimoto inawala, munthu kudziona nkhope pachitseko.

Lenah pobwera anagwira pakamwa.

"Bambo a Mtisunge, mwatani?"

"Mtima m'malo, mayi. Mjigo tiupeza kutsogoloku. Dziko lake liti lopanda mjigo? Kwathu suyenda ola osaona amayi akupopa madzi."

"Kuno si kwanu."

"Imani apo mumwetulire."

Chithunzi chinatuluka bwino, zimenezo tisawanamizire. Koma asanayende ndi ola lomwe, galimoto inatitimira mumchenga mpaka m'mimba. Anaponda moto, matayala akungokumba. Anayesa foni, netiweki palibe. Anafukula mchenga ndi mbale zodyera, osaphula kanthu. Dzuwa linali paliwombo, mtengo wa mthunzi panalibe, ndipo fumbi linali litabwerera kale pagalimoto.

Pofika 3 koloko timadzi totsala tija tinatha. Fumbani analira, kenako anasiya kulira, milomo itauma. Anayang'ana bambo ake n'kunena motsitsa mawu kuti, "Adadi, ndikufunako madzi amene munamwetsa galimoto aja."

Apa Chiukepo mantha anamugwira zenizeni. Anapita kuseri kwa galimoto yake yokondedwayo n'kugwetsa misozi ngati mwana. Anadziwa kuti china chake chikachitikira mwanayo, wolakwa ndi iye.

Mwayi wake, kunatulukira bambo wina woweta ngamila, akuchokera kuchitsime. Sanayambe ndi mafunso. Anamasula chigubu pa ngamila, anamwetsa Fumbani pang'onopang'ono, kenako Mtisunge, kenako Lenah. Chiukepo anamwa pomalizira, maso ali pansi.

Atatero ndi pamene anafunsa m'Chiswahili ngati anabwera kuno opanda madzi. Mtisunge, amene Chiswahili amachithyola kusukulu, anayankha mosabisa: "Baba aliosha gari." Ndiye kuti, bambo anatsukira galimoto.

Woweta uja anafunsanso kuti amve bwino. Kenako anaseka mpaka kukhala pansi. Atatha kuseka anauza Chiukepo kuti madzi amene amwawo wawayendera kuyambira mbandakucha. Anaphwetsako mpweya m'matayala onse anayi kuti asamakumbe mchenga, onse anakankha Lenah ali pachiwongolero, galimoto n'kutuluka. Anawalozera njira ya ku Kalacha, kumene anakagona n'kudzaza zigubu.

Ku Sibiloi anakafika ndithu, ana anasangalala, ndipo galimoto inabwerera ku Nairobi ili mbuu, osakhudzidwa ndi dontho.

Atafika ku Ruaka, mdala Galgalo anatsegula geti atanyamula ndowa ndi kansalu, mano onse ali pamtunda.

"Karibu, Bwana Osha Gari! Ndiyambe kutsogolo kapena kumbuyo?"

Nkhani inali itafika kale pafoni kuchokera kwa abale a mdalayo akumpoto kuja. Dzina la Bwana Tsuka Galimotolo linamukanirira Chiukepo mpaka kutchalitchi. Chithunzi chija sanachitumize ku Rumphi, koma Lenah anachitsukitsa n'kuchipachika pabalaza. Mlendo akangoti, "Koma galimotoyi inawala bwanji," Fumbani amafotokoza zonse, osasiyako ndi za misozi zomwe.

Phunziro: Dziko la eni usamaliyeze ndi la kwanu. Mwini dera akakuchenjeza, ika foni pansi umve, ngakhale akhale mlonda wa pageti pako, chifukwa wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu. Ndipo usasinthanitse moyo wa ana ako ndi kuyamikiridwa ndi anthu a pagulu. Tumizirani ena nkhaniyi, makamaka abambo amene angogula kumene galimoto.