Amalume Obwera Lamulungu

Mawotchi a m'shopu sanamve kuti mwini wake anamwalira. Ankagundabe pakhoma, iliyonse ikunena nthawi yakeyake. Kachete ankawatsitsa n'kumaika m'makatoni, amayi ake akupukuta mashelefu chakumbuyo.

Dzinali anamupatsa ndi anthu a mumsewumo, poti mawu ake ankachita kuzula ngati dzino. Tsopano anali munthu wandevu zake, ukwati wake uli mwezi wamawa, koma m'shopumo ankayendabe monyang'ama. Paliponse ankamva maso a malemu bambo ake, eni shopuyo, kumsana.

Maso amenewo anawadziwa chaka chomwe ankamaliza sekondale. Tsiku lina masana anakhala kuseri kwa kauntala ndi mnzake wa m'kalasi, atagwirana manja. Anyamata amagwirana manja tsiku ndi tsiku, palibe amene amacheuka. Koma kugwirana kumeneko kunali kwina, ndipo bambo atangolowa anakuzindikira. Anawayang'ana nthawi yaitali, kagalasi kokonzera mawotchi kali pachipumi. Kenaka anatuluka n'kutseka chitseko pang'onopang'ono.

Sanamumenye, sanamukalipire. Bola akanamumenya, poti bala limapola. Nkhaniyo sanaitchulepo mpaka kulowa nayo m'manda, ndipo Kachete anadziwa kuti amawanyansa. Choncho anamutaya mnzake uja osamutsanzika. Patapita zaka anapeza mtsikana wamtima wabwino, wopanda chifukwa, amene iye ankangomukonda ngati mlongo wake. Ankafuna kuti pa tsiku la ukwati bambo adzamuyang'ane kamodzi kokha osazemba maso. Bambo sanadikire. Komabe ukwatiwo sakanausiya, chifukwa akufa ndiye amaona kwambiri.

Pakhomo panaima chithunzithunzi chachitali. Anali Amalume, chipewa chili m'manja.

Mkuluyu ankabwera kwawo Lamulungu lililonse kuyambira Kachete asanadziwe kumanga nsapato. Amayi ankavala deresi yabwino, ankaphika ngati kukubwera nduna, ankaseka mokweza kuti oyandikana nawo amve. Koma amayi anabadwa akazi okhaokha, analibe mlongo. Mumsewu anthu ankatsinana. "Amalume anji osafanana mphuno?" Kachete anakula akumva zimenezo, akudana ndi mkuluyo, akumvera chisoni bambo ake. Bambowo ndiye anali ofatsa mopusa. Mlendoyo akamanyamuka, iwo ndi amene ankatenga jekete kukamuperekeza, n'kukabwerako dzuwa litapendeka.

"Pepani, mwananga," anatero Amalume. Maso awo anali ofiira. "Ngati kagalasi kaja mulibe nako ntchito, ndimati ndikasunge ine."



"Mwatenga zambiri m'nyumba mwathu," anatero Kachete. "Dothi la pamanda silinaume, mwabwera kale. Tulukani."

Amalume anayang'ana kampando kopanda munthu kuseri kwa tebulo. Anavala chipewa mokhotakhota n'kumapita, akugwira khoma.

Amayi anasiya kupukuta.

"Wachita chiyani, mwanawe?"

"Ndakula, amayi. Munthu uja si mlongo wanu. Msewu wonse ukudziwa. Bambo anafa akudziwa, inu mukuwavula pamaso pa anthu, iwo ali phee. Ine ndiye ndinawachititsa manyazi kamodzi, mpaka lero sindigona. Inu mumagona bwanji?"

Kachete anali asanayankhulepo mawu ochuluka chonchi chibadwire. Anayembekezera mbama kapena misozi. Amayi anangokoka kampando ka bambo n'kukhala, kansanza kali pamiyendo. Ankaoneka otopa kwambiri, ngati munthu amene wasenza mtolo ulendo wautali ndipo palibe womutula.

"Tsiku limene unali ndi mnzako muno, bambo ako anafika kunyumba akulira ngati mwana," anatero. "Iwe umati ankanyansidwa nawe? Anangoti, 'Nayenso adzavutika.'"

Mawotchi otsala pakhoma ankangogunda. Kachete anagwira kauntala.

"Nayenso?"

"Dzina la Amalume ndinapereka ndine, kuti anthu akafuna wonena azinena ine," anatero amayi. "Munthu wathamangitsayu sankabwerera ine, mwanawe. Zaka zonsezi ankabwerera bambo ako."