Masuku Otsala Mileme

"Pthu! Lavulani, Bashi Mulenga! Suku limenelo waluma mleme, malovu ake sanaume n'komwe!" anakuwa Bana Mulenga, chakudya chili m'kamwa, n'kuwatsomphola amuna awo chipatsocho.

"Lolumidwalo ndiye lotsekemera, mayi. Mleme sulakwitsa posankha."

"Uve basi! Mudzatiphera adzukulu inu."

Mlamu wawo Chansa, dokotala wa ziweto wochokera ku Serenje, anangomwetulira. "Alamu, kachilombo ka mleme kakagwera mwa munthu nthawi zambiri kamasochera ngati mlendo. Koma kakayamba kagona kaye mwa nkhumba, kamasintha malaya, ndiye kwa munthu kamalowa osaodira. Kodi olumidwawa mumataya kuti?"

Bana Mulenga anasiya kutafuna. Ukhondo wawo wonse, umene ankanyadira mpaka kutchalitchi, unali kutola masuku olumidwa m'mawa uliwonse n'kukakhuthula m'khola la nkhumba. Ndipo nyama imene ankadyayo inali m'mbale patsogolo pawo, ya nkhumba imene anaipha dzulo lake, itayamba kutsokomola ngati nkhalamba ya fodya. Adzukulu anali atanyambita kale zala.

Mayiwo anathamangira kuseri kwa nyumba, dzanja lili kukamwa.

Bashi Mulenga anakokera mbale ija kufupi. "Chansa, iwe wapita kusukulu. Mafutawa nawonso asintha malaya?"