Mawu a Cleophus

Cleophus ndi anzake atatu oimba nawo ankamvetsera chimbale chawo chatsopano mu situdiyo. Nyimbo itafika pamene Cleophus amakweza mawu, panamveka mawu osalala, achinyamata, osapumira m'njira. Cleophus anavula magalasi.

Kuyambira ali anyamata kuno ku Philadelphia, anayiwo ankaimba atazungulira maikolofoni imodzi, phewa ndi phewa, kununkhizana thukuta. Koma kampani yatsopano imene inkawajambula nyimbo tsopano inkawalowetsa m'kachipinda mmodzimmodzi, ngati kwa dokotala.

"Orvell, akuimbayo ndani?" anafunsa Cleophus.

Orvell, mtsogoleri wa gululo, anayang'ana nsapato zake. "Ndiwe, m'bale wanga. Makina amasiku ano amakonza mawu."

"Usandione ngati mwana. Ine pamenepo ndimapuma. Si iwe unkandigunda pamsana kuti ndipume?"

Awiri enawo anali kalikiliki kumanga mabatani a majekete awo ofiira.

"Tikanakana kuti aikepo mawu a mnyamata wina, akanatithamangitsa tonse, Cleo," Orvell ananong'ona. "Kampani yakale ija inatitaya. Tikanalowera kuti?"

Wojambula chithunzi cha pachikuto cha chimbalecho anasuzumira pakhomo, nawaitana. Cleophus anavala jekete lake, nakaima pamalo ake akale, kumanzere.

"Bambo akumapetowo," anatero wojambulayo, "tayasamani pang'ono, zioneke ngati mukuimba."