Kimono ya Agogo a Kuwabara

"A Chizuru, chotsani chithunzichi msanga!" anakalipa pafoni Bambo Morishita, woyang'anira nyumba yosanja imene Chizuru ankakhalamo. "Agogo a Kuwabara mwawaveka ngati mtembo!"

Chiyambireni mliri, Chizuru ankajambula ndi utoto anansi ake atakhala pamakhonde awo, n'kumapachika zithunzizo pamasitepe kuti anthu obindikira azionanabe nkhope. Anatsika kukayang'ana. Zoonadi, pa kimono ya agogowo, mkanjo wachikhalidwe wa ku Japan, mbali yakumanja inali pamwamba pa yakumanzere, mmene amavekera akufa.

Anawaimbira foni agogowo. "Agogo, pepani, ndalakwitsa. Ndikonza lero lomwe."

"Ukonze chiyani, mwanangu? Maso ako ali bwinobwino." Agogowo anaseka, kusekako n'kusanduka chifuwa chosatha. "Ndinavala choncho dala."

"Dala?"

"Amuna anga atamwalira ndi matendawa, sanandilole kuwaveka. Anangowatsekera m'thumba la pulasitiki, n'kuwatentha, ine n'kulandira phulusa. Ndiye ndati ndidziveke ndekha manja akadali ndi mphamvu."

Chizuru anasuzumira pawindo. Agogowo anali pakhonde lawo, atakhala mowongoka, akumubayibitsa.

"Usachichotse," anatero. "Pamaliro pamafunika chithunzi chabwino."