Dzanja la a Elton

A Elton anakweza mfuti yachitatu paphewa, m'sitolo ya alenje ku Leeds. Loweruka ankayenera kukasaka agwape ndi anzawo akuchipatala.

"Iyi ndiye yopepuka," anatero wogulitsa, akuyala zipolopolo patebulo. "Ndi chimodzi chokha, gwape wamkulu amagwa. Lozetsani pakadontho kali pakhomapo."

Analozetsa, koma nsonga ya mfuti inkangogwedera. Analimbitsa mkono. Chala chachikulu chinkanjenjemerabe chokha, monga chinachitira Lachiwiri akubaya wodwala jakisoni.

"Nayonso ikulemera," anatero a Elton, thukuta lili kamukamu.

Akazi awo a Fanny, amenenso ndi namwino, sankayang'ana mfutiyo. Maso awo anali padzanjalo.

"Bambo a Pempho," anafunsa motsitsa mawu, "zimenezi zinayamba liti?"